Mbewu ya pa Denga

Lachitatu, 21 Okutobala 1992

Lero ndadzuka ndi mantha, ndipo poyamba sindinadziwe kuti ndikuopa chiyani. Kenaka ndinamva fungo la dothi lonyowa likulowa pa zenera. Mvula yoyamba inali itagwa m'bandakucha. Chaka chatha fungo lomweli linatisangalatsa tonse m'nyumba muno, ndipo mavuto athu anayambira pomwepo. M'miyezi ya njala sindinalembe zambiri, chifukwa ndikagwira cholembera ndinkangoganiza za chakudya. Tsopano ndikufuna kulemba chaka chonsecho ndisanayambe kuiwala.

Timakhala kumapeto kwa Chawama, dera limene anthu amati Kumakhonje. Aphunzitsi athu a mbiri yakale anatiuza tsiku lina kuti mbiri ya Lusaka ndi njanji ndi maofesi a boma, makomboni anangomera okha ngati bowa. Koma ine ndikudziwa kuti kwathu kuno kunayamba ndi anthu, ndipo mmodzi wa iwo anali agogo anga aamuna.

Agogo anachoka ku Nyasalande, cha ku Ntcheu, ali mnyamata. Ankapita ku migodi ya kummwera wapansi, koma atafika kuno phazi linatupa, anzawo n'kuwasiya. Analembedwa ntchito pa famu ya mzungu wina amene antchito ankamutcha Kachipewa, chifukwa sankavula chipewa ngakhale pamaliro. Mzunguyo ankaweta ng'ombe ndiponso ankaphwanyitsa miyala. Khonje amene ali kuseri kwa nyumba zathu anabzala ndi agogo ndi anzawo kuti akhale malire a famu, ndipo timisasa ta antchito tinali mzere umodzi m'mbali mwake. Komboni yoyamba inali imeneyo.

M'kathumba ka paulendo munali chimanga chimene amayi awo anawapatsa kuti azikazinga m'njira. Sanadye chonse. Chotsalacho anabzala kuseri kwa msasa, ndipo kuyambira pamenepo ankasunga mbewu chaka ndi chaka. Ndi chimanga cholimba, choyera, chokhala ndi njere zakuda apa ndi apo. Sichifuna feteleza wambiri, ndipo anankafumbwe amachilephera. Agogo sanabwererenso kwawo, ngakhale makalata anasiya kubwera atate asanabadwe. Chimene anatsala nacho ndi chimanga chimenecho basi, ndipo ankachitchula kuti "cha kwathu". Anali ndi malamulo awiri pa mbewuyo. Loyamba: mbewu sabzala yonse, ina imatsala pa denga. Lachiwiri: mbewu samana munthu.

Okutobala 1991

Atate anachotsedwa ntchito mu Ogasiti. Anali kalaliki pa kampani ina ya boma, ndipo anangouzidwa kuti antchito achuluka. Mu Seputembala agogo anagwa m'munda akukonza mizere, mbali imodzi ya thupi n'kuuma, ndipo anagonekedwa ku chipatala chachikulu m'tauni. Munda wathu uli kuseri kwa khonje, pamene kale pankadyera ng'ombe za Kachipewa. Tsopano unakhala m'manja mwa atate.

Sindikufuna kuti wina adzaganize kuti atate ndi aulesi. Anabadwira m'komboni, ndipo ali mwana akangogwira khasu agogo ankawalanda. "Khasu ndi langa, iwe lako ndi pensulo," ankatero. Choncho atate anakula akudya chimanga chimene sankadziwa nthawi yake yobzalira.

Pakati pa mwezi, anthu ali kalikiliki ndi misonkhano ya chisankho, kunagwa mvula yamphamvu masana mpaka madzi kulowa m'nyumba za kumunsi. Atate anaima pakhomo nkhope itawala, koyamba chichotsedwereni ntchito.

"Dailesi, tenga mpando utsitse milisi yonse ija," anandiuza. Kuno kutauni chimanga timati milisi, ufa timati unga.

Amayi anasiya kutsuka mbale. "Yonse, atate ake Dailesi? Si paja amdala amasiyako?"

"Chaka chino kulibe vosiya. Nchito yatha, makoponi a unga akamba ati azatha. Tifunika kubzala munda onse, mpaka ku mwala kuja."

Ndinakwera pa mpando n'kumasula zikonyo zonse, ndiye kuti zimanga zomangidwa pamodzi ndi makoko ake, zimene zinkapachikidwa pa waya kudenga la kakhitchini kuti utsi uziziteteza. Tinatonola tikuimba. M'mawa mwake tinabzala atatu, ndipo sitinali tokha, mabanja ambiri anatuluka ndi makasu. Chinamera bwino, mizere yonse kubiriwira. Kenaka dzuwa linabwerera. Achikulire mvula yotere amaitcha chizimalupsa, mvula yongozimitsa moto wa m'tchire, ndipo pambuyo pake pamakhala masabata opanda dontho. Pofika kumapeto kwa mwezi masamba anali atapiringizika ngati singano. Atate ankapita m'mawa uliwonse kukaima pakati pa mizere atagwira m'chiuno.

Novembala

Boma linasintha, ndipo anthu anavina m'misewu atanyamula nthambi za mitengo. Sabata lomwelo chimanga chathu chinaumiratu.

Agogo anabwera kunyumba osatha kuyenda, akulankhula mawu amodziamodzi movutika. Tinawagoneka pamphasa m'chipinda chochezera, pamene munthu amaona m'kakhitchini chitseko chikakhala chotsegula. Atangogona anakweza maso kuyang'ana waya uja. Anauyang'ana nthawi yaitali. Atate anagwada pafupi n'kuyamba kufotokoza za mvula, za ntchito, za makoponi. Agogo anawasiya kuti amalize, kenaka ndi dzanja lawo labwino anadzikoka n'kutembenukira kukhoma.

Sanakalipe. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti atate akanakonda kumenyedwa ndi ndodo kusiyana ndi zimenezo. Kuyambira tsiku limenelo atate ankatseka chitseko cha kakhitchini nthawi iliyonse akamadutsa, ndipo agogo ankagogoda pansi ndi chala mpaka wina atsegule.

Disembala

Mvula yeniyeni inabwera. Atate anagulitsa wailesi n'kugula mbewu ya haibulidi, koma feteleza anamulephera chifukwa mtengo wake unali utakwera koopsa. Tinabzalabe. Makoponi a boma ogulira ufa motchipa anathadi monga anthu ankanenera. Kale tinkadandaula za mizere ya kusitolo, kudzuka kukadali mdima kukadikira thumba limodzi. Tsopano mizere inatha, ufa unali mbwee m'masitolo, koma mtengo wake unkasintha munthu asanamalize thumba. Ambiri tinasiya kugula matumba, tinayamba kugula pamela, timapepala ta pulasitiki ta ufa wophika kamodzi.

Ku msika kunadzaza salaula, zovala zakale zochokera kunja. Mnzanga wina wa kusukulu anagula diresi yokongola imene sitinaionepo, koma pa nthawi yopuma ankabisala kuseri kwa kalasi chifukwa analibe choika mkamwa. Amayi anayamba kukazinga zitumbuwa zogulitsa pamsewu. Pa Khirisimasi tinadya kapenta ndi masamba a maungu, ndipo tinathokoza Mulungu chifukwa munda unali wobiriwira.

Januwale

Chimanga chitafika m'chiuno, mvula inaleka. Kumwamba kunayera ngati mu Juni, koma kutentha kwake kunali kwa mu Okutobala. Masana mitambo inkasonkhana cha ku Chilenje, ife n'kutulutsa mabeseni, madzulo n'kuwalowetsa ali ouma. Kutchalitchi tinasala kudya kupempha mvula, ndipo mayi wina ananong'ona kuti kusala kwa chaka chino n'kosavuta popeza tonse tinazolowera kale. Ena ankati mvula yamangidwa ndi amalonda amene asunga chimanga. Ena ankati ndi chilango chifukwa cha chisankho, koma sankagwirizana kuti olakwa ndi mbali iti. Amene anabzala msanga ndi amene anadikira, onse anaona minda yawo ikufota mofanana.

Ntchito yodyetsa agogo inali yanga ndikaweruka kusukulu. Ankamwa masipuni ochepa a phala n'kukankha mbale. Tsiku lina anandigwira dzanja, n'kuloza waya uja ndi maso.

"Cha kwathu," anatero.

"Chinauma, agogo."

"Cha kwathu," anabwerezanso, misozi ikutsikira m'khutu.

Ndinaona kuti munthu ameneyu adzamwalira akudziwa kuti chimene anasunga moyo wake wonse chathera m'manja mwa mwana wake, ndipo atate adzakhala ndi zimenezo mpaka kalekale. Ndikutsuka mbale ija ndinakumbukira lamulo lachiwiri. Ngati agogo sanamane munthu mbewu zaka zonsezi, ndiye kuti cha kwathu chiliko kwinakwake m'komboni muno.

Febuluwale

Ndinayamba ndi a Zulu, nkhalamba imene inkaphwanya miyala limodzi ndi agogo. Ndinawapeza atakhala pamthunzi akusoka nsapato. Atamva chimene ndadzera anaseka pang'ono, kenaka anandikhazika pa njerwa n'kuyamba nkhani. Anati Kachipewa atatopa ndi ng'ombe anaona kuti anthu ndiwo amapindulitsa. Aliyense wobwera kudzafuna ntchito m'tauni, wopanda chiphaso chogonera m'nyumba za kanselo, ankamulola kumanga msasa pafamu n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Misasa inachuluka kuposa ng'ombe. Ufulu utabwera, mzunguyo anakweza katundu pa lole n'kupita kummwera osatsanzika, ndipo anthu anangokhala.

"Aliyense wofika, agogo ako ankamuonetsa podula udzu ndi pokumba dothi la njerwa, kenaka n'kumupatsa mbewu yodzaza chipewa," anatero a Zulu. "Koma ife tinaisiya kale, mwana wanga. Boma litabweretsa haibulidi ndi feteleza wotchipa, tinkawaseka agogo ako. Tinkati mdala wa ku Nyasalande wakanirira zakale."

Ndinayenda nyumba zina zambiri, yankho n'kukhala lomwelo. Pomaliza ndinafika kwa Amake Tisa, amene amagulitsa makala. Iwo anabwera nthawi imene boma linkatitcha anthu okhala mopanda chilolezo n'kumaopseza kugwetsa nyumba ndi mathirakitala, lisanasinthe maganizo n'kutibweretsera mipope ya madzi ndi manambala a pazitseko. Anandilandira bwino, koma nditafunsa za mbewu anayang'ana pansi.

"Inaliko, Dailesi. Chaka chino sininabzale chifukwa cha msana, ninaisunga mu chitini. Sabata yatha bana banalila maningi, nakazinga. Ufuna nikunamize?"

Ndinati ayi, ndipo sindinawaone kulakwa. Mwana wawo wamng'ono anali atakhala pakhomo, tsitsi litayamba kufiira. Ndikutuluka anandiitana.

"Yesa kwa Bana Mwila. Kuseli kwao kuli milisi yobiliwila monga ni mu Disembala. Koma iwe wa kwaya ungangene kuja?"

Malichi

Bana Mwila ndi mayi wachibemba amene amatcheza kachasu kumunsi, pafupi ndi maenje akale a miyala. M'nyumba mwathu dzina lawo silinkatchulidwa. Mkulu wa atate, a Laisoni, ankamwa kumeneko mpaka chiwindi chinawapha ine ndili mwana, ndipo atate ankati mayi ameneyo ndiye anawakumbira manda.

Ndinazengereza masabata awiri. Minda yonse inali itasanduka mapesi opanda kanthu, ngaiyaye zitauma chimanga chisanabereke. Kunyumba tinayamba kudya kamodzi, madzulo. Loweruka lina ndinavala chitenje cha amayi kuti anthu asandizindikire msanga, ndipo ndinatsetsereka.

Pabwalo panali amuna angapo atakhala pa mabenchi. Mayi wonenepa, wa imvi, ankasonkhezera moto pansi pa mgolo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwaiche, wasoba njila? Kuno si ku kwaya."

Amuna aja anaseka. Ndinagwada n'kupereka moni, ndipo ndinanena kuti ndine mdzukulu wa a Phiri a ku khonje.

"Nikudziwa. Mphuno ni ya batate bako, bamene samanipatsa moni. Ufuna chani?"

Nditafotokoza, anapukuta manja n'kunditengera kuseri. Potcheza kachasu, paipi imadutsa m'chidebe cha madzi ozizira, ndipo madziwo akatentha amawataya n'kuthira ena. Bana Mwila ankawataya m'kangalande kamene kankapita kuseri kwa nyumba. Kumapeto kwa kangalandeko kunali kamunda kosaposa mphasa zitatu, ndipo chimanga chake chinali chachitali kundiposa, chobiriwira, chitayamba kutulutsa ndevu. Ndinagwira tsamba limodzi.

"Ni yamene ya bambuya bako," anatero. "Ninabwela kuno kuchoka ku migodi, bamuna banga batafa mu mgodi. Kampani inanichotsa mu nyumba, bachibale ba bamuna banga banatenga vonse, nasala na Mwila kumbuyo na poto imodzi. Bambuya bako sibananifunse chalichi changa. Bananipatsa mbeu mu chisote, ati mayi bzalani. Nibzala chaka chilichonse. Milisi iyi ili monga ine, imakula chabe na madzi otaya."

Ndinafunsa ngati angatigawireko chikakhwima, ndipo ndinati tidzalipira pang'onopang'ono.

"Unamvela kuti bambuya bako banagulitsapo mbeu? Osanitukwana. Koma mvela. Gaga wophikila mowa wadula, banthu bayamba kudya. Mgolo uyu mwina ni wothela. Nikaleka kuphika, madzi otaya kulibe, na ine mendo yanga siingakwanitse ku pompi. Ufuna mbeu, uzatapa madzi."

Kuyambira pamenepo ndikaweruka kusukulu ndinkakaima pa mzere wa ku mpope, pamene madzi ankangodontha, kenaka n'kusenza chigubu kupita kumunsi. Sizinabisike. Mayi wina wa kutchalitchi anauza amayi kuti mwana wawo wayamba kulowa m'nyumba za mowa. Atate anandidikira pakhomo.

"Pa nyumba imene inapha mkulu wanga? Wasowa pokathira madzi?"

"Atate, cha kwathu chili kumeneko. Chili ndi ndevu kale."

Anayang'ana m'chipinda mmene agogo anagona, n'kutuluka panja. Sanandiletse, sanandilolenso. Patapita masiku angapo ndinabwera kusukulu n'kupeza zigubu palibe. Amayi anati atate azitenga m'mawa.

Epulo

Mwezi umenewu kunafika chimanga chachikasu chochokera kunja. Mphekesera zinali zambiri. Ena ankati kumene chachokera ndi chakudya cha ng'ombe, ena ankati amuna akachidya sabereka. Fungo lake linali lachilendo, ndipo agogo ankachilavula. Koma tonse tinadya, ngakhale amene ankafalitsa mphekeserazo. Mabanja ena anatumiza ana kumudzi, kumudziko n'kuwabweza chifukwa njala ya kumeneko inali yoposa. Mnzanga wa diresi uja anasiya sukulu, ndipo ndimamuona nthawi zina atakhala kutsogolo pambali pa dalaivala m'minibasi ya ku Mandevu.

Atate ankatunga madzi tsiku lililonse. Tsiku lina ndinawatsatira. Pa mabenchi paja panali amuna awiri amene anachotsedwa nawo ntchito limodzi.

"Ba kalaliki, manje mwalembewa nchito kwa Bana Mwila? Malipilo ni botolo kapena ni hafu?"

"Nithilila chabe milisi," anayankha atate osatembenuka.

"Milisi ku Chawama konse yauma, imwe mwapeza yamene imwa kachasu."

Bana Mwila anawaopseza ndi chikuni, iwo n'kuseka. Kuseri kuja, atate akuthira madzi paphata lililonse, mayiwo anaima pafupi.

"Ba Phiri, Laisoni ninali kumupitikisa. Anali kubwelanso. Nikamukana anali kuyenda kwina."

Atate anapitiriza kuthira mpaka chigubu chinatha. "Madzi asazipita ku mpanda, akuonongeka," anatero. Anatenga khasu n'kukonza kangalande. Za a Laisoni sanayankhe, ndipo mpaka lero sanayankhebe.

Amayi ankaopa kuti atate ayamba kumwa. Sindinganene kuti sanalaweko. Tsiku lina anabwera akununkha, amayi analira, ndipo m'nyumba munalibe kulankhulana mpaka Lamulungu. Koma m'mawa uliwonse zigubu zinkachoka pakhomo.

Mavuto ena awiri anabwera mwezi womwewo. Anthu anaba zimanga zazikulu za kumpanda zikadali zaziwisi, ndipo atate anazinga kamundako ndi minga ndi masamba a khonje. Kenaka kumunda kwathu kunaoneka zikhomo. Anyamata a tcheyamani wa dera anati malo onse amene alibe mbewu ndi opanda mwini, ndipo anadula theka la kumunsi kukhala mapuloti. Atate anapita kukadandaula, anafunsidwa pepala. Agogo analima pamenepo kuyambira nthawi ya Kachipewa, koma pepala lawo linali mizere basi. Posakhalitsa banja lina lochokera ku Kitwe, limene bambo wake anachotsedwa ntchito ku mgodi, linamanga chipinda chimodzi cha mabuloko pamene tinkabzala maungu.

Meyi

Kumunda kwathu tinakolola mapesi osonkhera moto. Kwa Bana Mwila zimanga zotsala zinakwana m'chitenje chimodzi. Mayiwo anaziyala pansi, anasankha zazikulu n'kuzikankhira kwa atate, iwo n'kutsala ndi zazing'ono. Atate anafuna kukana.

"Tengani. Ine nakalamba, Mwila ali ku Kabwe, safuna vamunda."

Atate ananyamula okha, atakumbatira pachifuwa ngati khanda. Atafika anagwada pamphasa paja, anasenda chimodzi n'kuchiika m'dzanja labwino la agogo. Agogo anali ataonda moti mphasa inkaoneka yaikulu. Anachiyandikiza kumaso, anayendetsa chala chachikulu pa njere mpaka anapeza yakuda, n'kuima pamenepo. Anachinunkhiza. Kenaka anayang'ana atate, koyamba chichokereni kuchipatala.

"Kuti?" anafunsa.

"Kwa Bana Mwila," anatero atate, mawu ali pansi.

Mbali imodzi ya pakamwa pa agogo inakwera. Ndikukhulupirira kuti kunali kuseka. Anakweza chimangacho kuloza kukhitchini. Atate sanandiitane ine. Anatenga mpando okha, anamanga zikonyo ndi manja awo, n'kuzipachika pa waya, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

Zimanga zimenezo zikanatipatsa phala la masiku angapo, ndipo tinali ndi njala kwambiri. Sindibisa, ndinkaziyang'ana. Amayi nawonso ankaziyang'ana akamaphika. Palibe anazikhudza.

Juni

Agogo anamwalira kukuzizira, m'mawa wina amayi akuwatenthetsera madzi osamba. Pamaliro panabwera anthu ambiri kuposa mmene tinkayembekezera, Achewa, Abemba, Atonga, Alozi, ena amene sindinawaonepo. A Zulu polankhula anati pafupifupi nyumba iliyonse yakale Kumakhonje inamangidwa pamalo pamene a Phiri analoza ndi ndodo. Chakudya chinali chochepa, ufa wachikasu wosonkha khomo ndi khomo. Bana Mwila anabwera ndi nkhuni pamutu. Atalowa m'nyumba ya amayi olira, ena a kutchalitchi anasuntha zitenje zawo, koma amayi anawaitana kuti akhale pambali pawo.

Lero

Miyezi yotsatirayi tapulumukira zitumbuwa za amayi ndi maganyu a atate, amene tsopano amaumba mabuloko kwa anthu ogula mapuloti. Ufa wachikasu tikudyabe. Mayeso anga sanayende bwino kwenikweni, koma sukulu sindinasiye.

M'mawa uno, mvula itangokata, ndinamva makasu akugundana pamsewu. Anthu ena ankathamangira kuminda. Atate anaima pakhomo monga chaka chatha, ndipo mantha anga aja anakula. Anayang'ana kumwamba, anatola dothi n'kulifinya m'manja, kenaka analitaya.

"Chizimalupsa," anatero, n'kukhala pansi kumanga nsapato zopitira ku mabuloko.

Masana mayi wa ku Kitwe uja anabwera kwa amayi. Anaima patali, mwana ali kumsana, n'kunena kuti wamva zoti tili ndi milisi yosafuna feteleza, ndipo akupempha pang'ono yobzala kuseri kwa chipinda chawo. Kuseri kwa chipinda chawoko ndi pamizere ya agogo. Amayi anamuuza kuti eni ake palibe, ndipo atachoka anati munthu wolanda munda n'kudzapemphanso mbewu alibe manyazi. Ine ndinakumbukira Bana Mwila ndi poto wawo mmodzi.

Atate atabwera madzulo, amayi anawauza zonse akuyembekeza kuti akwiya. Anakwiyadi. Ananena za zikhomo, za pepala, za anyamata a tcheyamani. Atatha anayamba kusamba m'manja, maso ali kukhitchini. Kenaka anandiitana.

"Dailesi, mawa ukapatse mayi uja."

"Zingati, atate?"

"Chipewa cha agogo ako chili pa msomali. Koma usadzaze, chaka chino n'zochepa." Anapukuta manja pa thalauza. "Ndipo osatsitsa yonse."

Choncho mawa ndidzuka msanga ndisanapite kusukulu. Nditsitsa chikonyo chimodzi chokha, nditonolere m'chipewa, ndipite kuseri kwa khonje. Ndikamuuza mayiyo kuti asabzale ndi mvula iyi, adikire ya mu Novembala. Akafuna kulipira ndikakana. Ndikamufunsanso dzina lake, chifukwa wakhala pamunda pathu kuyambira mu Epulo ndipo palibe aliyense wa ife amene analifunsa.